Musanadine Enter, Werengani Chikwangwani

Aliyense amene anakwerapo minibasi m'tauni ya Lilongwe nthawi yoweruka amadziwa phokoso lake. Oitanira amakuwa mopikisana, uyu Kawale, uyo Biwi, winayo Area 23, ndipo minibasi zonse zimaoneka ngati za mayi mmodzi. Munthu wochenjera asanaponde pakhomo amayamba wayang'ana kachikwangwani kali pagalasi la kutsogolo. Wopupuluma amangolowa, n'kudzadzidzimuka ali pa msewu wa ku Likuni akulowera ku Chinsapo, pomwe kwawo ndi ku Area 25. Ndalama yapita, nthawi yapita, ndipo kunja kwada.

Ife amene timaphunzira za makompyuta tili ndi kachikwangwani kathu kotere. Kamakhala kumayambiriro kwa mzere uliwonse tikatsegula terminal, ndipo dzina lake ndi prompt. Ambiri a ife tinatha chaka chonse choyamba tikukaona tsiku ndi tsiku osakawerenga. Pa tchuthi chapitachi, enafe amene timakhala m'makomboni a ku Lilongwe tinkakumana kunyumba kwa mnzathu ku Kawale n'kumaphunzitsana, ndipo tinapeza kuti kusintha kamzere kameneka ndi ntchito ya mphindi khumi imene ingapulumutse ntchito ya miyezi. Tikufuna tikufotokozereni zomwe tinaphunzirazo.

Zinthu zitatu zosafunika kuzisokoneza

Terminal ndi windo lija timalembamo malamulo m'malo modina zithunzi ndi mausi. Shell ndi pulogalamu yomwe ili kuseri kwa windolo, yomwe imawerenga lamulo lathu n'kulichita. Prompt ndi mawu ochepa amene shell imalemba pofuna kutiuza kuti yakonzeka kumva lamulo lina. Pa kompyuta ya Ubuntu yomwe sinasinthidwe kanthu, prompt imaoneka motere:

chisomo@laputopu:~$

Kamzereka kakuyankha mafunso anayi. Dzina loyamba, chisomo, ndi la munthu amene walowa mu kompyuta. Lachiwiri, laputopu, ndi dzina la makinawo. Kachizindikiro ka ~ kakutanthauza kuti tili mu foda yathu ya kunyumba, ndipo tikalowa mu foda ina, dzina lake ndi limene limaoneka pamenepo. Chomaliza ndi $, chomwe chikusonyeza kuti ndife munthu wamba pa makinawo. Chikasintha n'kukhala #, ndiye kuti talowa ngati root, mwini mphamvu zonse, amene akalamula kuti chinthu chifufutidwe shell siifunsa kawiri.

Mwambo umenewu ndi wakale kuposa aphunzitsi athu ambiri. Shell yoyamba ya Unix inalembedwa ndi Ken Thompson ku Bell Labs ku America mu 1971. Mu 1979 kunatuluka shell ya Stephen Bourne, yomwe inkagwiritsa ntchito $ komanso dzina loti PS1, lomwe ndi kumene mawu a prompt amasungidwa mpaka lero. Bash, yomwe ambirife timagwiritsa ntchito, inalembedwa ndi Brian Fox ndipo inatuluka mu 1989. Ndi imene timaipeza mu Ubuntu, Linux ija inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, yomwe dzina lake ndi mawu omwe aja ife timati umunthu.

Usiku umene seva ziwiri zinafanana

Wina akhoza kunena kuti kusintha prompt ndi kukongoletsa chabe, ngati kumata zithunzi pa chivundikiro cha laputopu. Zomwe zinachitikira kampani ya GitLab zimatsutsa zimenezo. Pa 31 January 2017, mmodzi mwa akatswiri awo ankagwira ntchito usiku atatopa, akukonza vuto pa ma seva awiri osungira database, ina yotchedwa db1 ndi ina db2. Ankafuna kufufuta foda pa db2, yomwe inali yothandizira chabe, koma lamulolo analilemba pa db1, yomwe inali seva yeniyeni. Anazindikira patangopita masekondi ochepa, koma pa ma gigabyte pafupifupi 300 panali patatsala ochepera asanu. Njira zawo zingapo zosungira kope lapadera zinapezeka kuti sizinkagwira ntchito bwino, ndipo zomwe anthu analemba kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi zinatayika. Kampaniyo inafotokoza poyera zonse zomwe zinachitika, ndipo mwa zinthu zomwe inalonjeza kukonza munali kusintha PS1 pa makina awo onse kuti munthu azisiyanitsa msanga seva imene alipo.

Nkhaniyi si ya kutali ndi ife. Mu 2001 bungwe la Baobab Health linayamba kulembetsa odwala pa makompyuta odina pa sikirini pachipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central Hospital. Pambuyo pake pulogalamu yawo yosunga mbiri ya anthu olandira ma ARV inafika m'zipatala zambiri m'dziko muno, ndipo inamangidwa pa Linux ndi MySQL. Choncho wophunzira wa ku Biwi kapena ku Mgona akapita ku atachimenti kuchipatala, kubanki kapena ku ofesi ya boma, akhoza kupatsidwa terminal yolumikizidwa ku seva yosunga zinthu za anthu enieni. Pamenepo kulakwitsa sikukhalanso nkhani ya malikisi.

Nafenso tili ndi chipsera chathu. Mmodzi wa ife ali ku atachimenti pa kaofesi kena anatsegula mawindo awiri a terminal, lina la laputopu yake, lina la seva ya ofesiyo kudzera pa ssh. Mawindo onse anali akuda, zilembo zoyera, dzina lake lomwelo. Anafufuta foda ya zoyesera pa windo lolakwika, ndipo kunapita mafayilo a malipoti a mwezi wonse. Anapulumuka chifukwa mkulu wa ofesiyo anali ndi kope pa flash, koma sabata yonse ankayenda chozolika. Dzina la seva linalipo ndithu pa prompt, kungoti silinkasiyana ndi mawu ena onse moti diso n'kuimapo.

Kuyesa popanda kuwononga kanthu

Choyamba, onani zomwe zilipo kale. Tsegulani terminal n'kulemba:

echo "$PS1"

Mudzaona mzere wa zizindikiro zooneka ngati zosokonekera. Musaope. Tsopano lembani ichi n'kudina Enter:

PS1='Lamulani bwana> '

Prompt yasintha pomwepo. Kusintha kotere kumakhala pa windo lokhalo, ndipo mukalitseka zonse zimabwerera mwakale, choncho mukhoza kuyesa mmene mungafunire. Onetsetsani kuti simunasiye mpata kumbali zonse za chizindikiro cha =, chifukwa mukatero Bash imaganiza kuti PS1 ndi dzina la pulogalamu n'kukuuzani kuti sinaipeze.

Bash ili ndi zilembo zapadera zomwe imazisandutsa mawu enieni nthawi iliyonse ikamalemba prompt. Chilembo \u chimapereka dzina la munthu, \h dzina la makina, \w njira yonse ya foda yomwe muli, ndipo \W dzina la foda yomalizira lokha. Chilembo \A chimaonetsa ola ndi mphindi, \t chimawonjezerapo masekondi, \n chimatsitsira mawu pa mzere watsopano, ndipo \$ chimalemba $ kwa munthu wamba kapena # kwa root. Tikaphatikiza zingapo timapeza:

PS1='[\A] \u@\h \w\n\$ '

Prompt imeneyi imaika nthawi, dzina, makina ndi foda pa mzere woyamba, n'kutisiyira mzere wachiwiri wonse wolembapo lamulo. Kwa amene ali ndi laputopu ya sikirini yaing'ono, zimenezi zimathandiza kwambiri pamene dzina la foda latalika mpaka kudzaza theka la windo. Nthawi nayo ili ndi ntchito yake. Amene timakhala kumene magetsi amazimazima timakonda kusiya ntchito yaitali ikuyenda, monga kukopera mafayilo ambiri, n'kupita kukatunga madzi. Tikabwerako, nthawi ya pa prompt yapitayo ndi ya pa prompt yatsopano zimatiuza kuti ntchitoyo inatenga mphindi zingati, ndipo tsiku lina timadziwa ngati batire ingakwanitse.

Tazungulira mawuwo ndi mitengero ya kamzere kamodzi, iyi ', osati ya timizere tiwiri, iyi ". Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mu mitengero ya timizere tiwiri, Bash imamasulira zina mwa zizindikirozo nthawi yomweyo, kamodzi kokha, moti \$ imasanduka $ yosasintha. Zikatero ngakhale root amaona $, ndipo chenjezo lija latayika.

Kukhazikitsa kuti zisachoke

Mukakhutira ndi prompt yanu, muyenera kuilemba mu fayilo yotchedwa .bashrc, yomwe ili mu foda yanu ya kunyumba ndipo Bash imaiwerenga nthawi iliyonse mukatsegula terminal. Dzina lake limayamba ndi kadontho, n'chifukwa chake silioneka pokhapokha mutalemba ls -a. Musanaikhudze, sungani kope:

cp ~/.bashrc ~/.bashrc.yakale

Kenako itseguleni polemba nano ~/.bashrc, pitani kumapeto kwenikweni, ndipo lembani mzere wanu wa PS1 kumeneko. Tikunena kumapeto chifukwa mu Ubuntu fayiloyi ili kale ndi mizere ya PS1 chapakati, ndipo Bash imatsatira mzere umene yauwerenga pomaliza. Sungani podina Ctrl ndi O kenako Enter, tulukani podina Ctrl ndi X, ndipo lembani source ~/.bashrc kuti zosinthazo ziyambe kugwira ntchito. Musatseke windo loyambalo musanatsegule lachiwiri n'kuona kuti zonse zili bwino. Ngati china chasokonekera, bwezeretsani kope lija, kapena lembani bash --norc kuti mupeze shell yomwe sinawerenge fayiloyo n'komwe.

Mtundu ngati chenjezo

Mitundu ndi imene imakopa ambiri, koma ife tinagwirizana kuti mtundu uliwonse uzikhala ndi tanthauzo, ngati maloboti a pamsewu. Mtundu umayamba ndi chizindikiro \e[ chotsatiridwa ndi nambala ndi chilembo m. Nambala 31 ndi zilembo zofiira, 32 zobiriwira, 33 zachikasu, 34 zabuluu, 37 zoyera, pomwe 41 imafiiritsa kumbuyo kwa zilembo. Nambala 0 imazimitsa mitundu yonse. Pa laputopu yanu mukhoza kulemba:

PS1='\[\e[32m\]\u@\h\[\e[0m\]:\w\$ '

Apa pali misampha iwiri. Woyamba, mukaiwala \e[0m, chilichonse chomwe mudzalemba pambuyo pake chidzakhala chobiriwira. Wachiwiri ndi wobisika. Chizindikiro chilichonse cha mtundu chiyenera kukhala pakati pa \[ ndi \]. Izi zimauza Bash kuti zomwe zili m'katimo sizitenga malo pa sikirini. Mukazisiya, Bash imawerengetsa molakwika kutalika kwa prompt, ndipo mukalemba lamulo lalitali kapena kudina muvi wa m'mwamba pofuna lamulo lakale, zilembo zimayamba kukwerana. Ambiri amaganiza kuti kiyibodi yawonongeka pomwe vuto ndi timizere tiwiriti.

Pa seva imene ili ndi zinthu za anthu, prompt isakhale yokongola, ikhale yoopsa:

PS1='\[\e[41;37m\] SEVA YENIYENI \[\e[0m\] \u@\h:\w\$ '

Taikapo mawu, osati mtundu wokha, pa zifukwa ziwiri. Pali anthu amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Komanso magetsi akazima timachepetsa kuwala kwa sikirini kuti batire ikhalitse, kapena timakakhala pakhonde pomwe dzuwa limaziralitsa mitundu yonse. Mawu amawerengeka ngakhale mtundu utazilala.

Kumbukirani kuti prompt imalembedwa ndi shell ya makina amene mwalowamo. Mukalowa mu seva kudzera pa ssh, .bashrc ya laputopu yanu imatsala kwanu, ndipo imene imagwira ntchito ndi ya pa sevayo. Root nayenso ali ndi yakeyake mu foda ya /root. Ngati muli ku atachimenti, sinthani ya akaunti yanu yokha, ndipo ya root musaikhudze musanapemphe kwa amene amayang'anira makinawo. Mukawafotokozera chifukwa chake, ambiri amavomera.

Prompt yomwe imanena zoona

Pali zinthu zina ziwiri zomwe tinaona kuti n'zothandiza. Lamulo lililonse likatha limasiya nambala mu $? ndipo 0 imatanthauza kuti layenda bwino, pomwe nambala ina iliyonse imasonyeza vuto. Mwachitsanzo, 127 imabwera shell ikalephera kupeza lamulo lomwe mwalemba, ndipo 130 imabwera mukaimitsa ntchito podina Ctrl ndi C. Kuti nambalayi izioneka nthawi zonse, lembani:

PS1='[$?] \w\$ '

Phindu lake limaoneka pamene lamulo lalephera koma uthenga wake wakwiririka m'mizere yambirimbiri yomwe yadutsa mothamanga. Taganizirani kuti mwakopera pulojekiti yanu ya chaka chomaliza ku flash, malo atha ntchito ili pakati, inu osaona, kenako n'kufufuta mafayilo oyambawo. Nambala yosakhala 0 ikanakuimitsani.

Chachiwiri ndi cha amene amagwiritsa ntchito Git pa ntchito za m'magulu. Prompt ikhoza kuonetsa nthambi imene muli:

PS1='[$?] \w $(git branch --show-current 2>/dev/null)\$ '

Zomwe zili pakati pa $( ndi ) ndi lamulo lomwe Bash imalichita nthawi iliyonse isanalembe prompt. Kachigawo ka 2>/dev/null kamameza madandaulo a Git mukakhala mu foda yomwe si ya pulojekiti. Njira ya --show-current inabwera ndi Git 2.22 mu 2019, choncho pa makina akale kwambiri siigwira. Taika $? poyamba dala, kuti inene za lamulo lanu, osati za Git ya mu prompt. Ndi prompt imeneyi simudzatumizanso ntchito yosatha ku nthambi yaikulu usiku woti mawa gulu lanu likukaonetsa pulojekiti.

Nanga amene alibe Linux?

Pagulu lathu la ku Kawale lija, si onse anali ndi laputopu. Amene ali ndi foni ya Android akhoza kuikamo Termux, pulogalamu yaulere yomwe imapereka Bash yeniyeni, ndipo zonse tafotokozazi zimagwira momwemo. Pa sikirini ya foni, \W ndi yabwino kuposa \w chifukwa malo ndi ochepa. Amene ali ndi Windows 10 kapena 11 akhoza kuika Ubuntu m'kati mwake kudzera pa WSL, kapena kugwiritsa ntchito Git Bash yomwe imabwera limodzi ndi Git. Makompyuta a Apple, kuyambira mu 2019, amabwera ndi zsh, shell yomwe Paul Falstad anailemba mu 1990. Kumeneko fayilo yake ndi .zshrc, zilembo zake ndi %n pa dzina, %m pa makina ndi %~ pa foda, ndipo munthu wamba amaona % m'malo mwa $. Ganizo lake ndi lomwelo.

Zoyenera kupewa

Pa intaneti pali ma prompt okonzedwa kale, monga a Oh My Zsh ndi Starship, okhala ndi timivi ndi tizithunzi tokongola. Si oipa, koma ambiri amafuna kuti mukopere mafonti apadera, zomwe zimadya bandulo, ndipo popanda mafontiwo pamangooneka timabokosi. Komanso chilichonse chomwe mwaika mu prompt chimachitika nthawi iliyonse mukadina Enter. Pa laputopu yakale yogula kwa wina, prompt yodzaza zinthu imachedwa kubwera, ndipo kudikira pang'ono kochitika kambirimbiri pa tsiku kumatopetsa. Seva ya kuntchito nayo nthawi zambiri sadzakulolani kuikamo mapulogalamu okongoletsa, pomwe mzere umodzi wa PS1 umagwira paliponse pali Bash, popanda kukopera kanthu.

Chenjezo lalikulu ndi ili: musamate mu .bashrc mzere womwe simukuumvetsa, ngakhale atakutumizirani mnzanu pa gulu la WhatsApp. Taona kale kuti prompt ikhoza kuchita lamulo palokha. Ngati ingafunse Git dzina la nthambi, ingathenso kufufuta fayilo kapena kutumiza zinthu zanu kwina, ndipo idzachita zimenezo ndi mphamvu zonse za akaunti yanu. Werengani chizindikiro chilichonse, ndipo chomwe sichikumveka chifufuzeni polemba man bash n'kusaka gawo lotchedwa PROMPTING, lomwe lili kale mu kompyuta yanu ndipo silifuna intaneti.

Prompt yabwino siilowa m'malo mwa kusunga makope a ntchito yanu, ndipo siingagwire dzanja la munthu amene watsimikiza kulakwitsa. Imangochita zomwe kachikwangwani ka pa minibasi kamachita, kukuuzani komwe mukulowera nthawi ikadalipo yoti mutsike. Mnzathu wa chipsera uja tsopano ali ndi mzere wofiira pa seva iliyonse imene amalowamo, ndipo anatiphunzitsa chizolowezi chomwe tonse tatengera. Lamulo lililonse loyamba ndi rm kapena sudo, amachotsa kaye zala pa kiyibodi, n'kuwerenga prompt kuyambira kumanzere: ndine ndani, ndili pa makina ati, mu foda iti, ndipo pali $ kapena #. Zimatenga masekondi atatu. Usiku uno tsegulani terminal yanu, lembani echo "$PS1", ndipo yambirani pamenepo.